Njiwa ziwiri

Tulo tandithawa, ndiye bola ndilembe.

Misa itatha lero, ndili mkati mopinda nsalu za pa guwa, panabwera mtsikana wa mumphakati mwathu, khanda la masabata atatu atalifungatira m'shawelo, kachipewa katafika m'maso. Misa yonse anaimvera panja, pa zenera.

"Amayi, kodi ndalakwa kubwera? Apongozi akuti ndisalowe m'tchalitchi, ngakhale Ukaristia ndisalandire, mpaka masiku 40 akwane. Akuti zili m'Baibulo."

"Iyayi mwanawe, lowa. Mpingo suletsa mayi amene wangobereka kumene."

"Nanga analemberanji?"

Pamenepo mawu anandithera. Khanda linayamba kulira, iye n'kutsanzika mwaulemu.

Madzulo nsima ndangoitsina pang'ono, n'kutsegula Levitiko 12. Apongoziwo sananame. Mkazi akabereka mwana wamwamuna ankakhala wodetsedwa masiku 7, kenako masiku ena 33 osakhudza chinthu chopatulika, osalowa m'malo oyera. Akakhala wamkazi, masiku 14, kuwonjezapo 66. Ine ndinabereka ana aakazi atatu, ndipo 80 imeneyo imandibaya nthawi zonse ndikaiwerenga.

Chimene ndinayenera kumuuza n'chakuti kudetsedwa kumeneku si tchimo. Woika maliro a bambo ake naye ankadetsedwa masiku 7, ankamuwaza madzi a phulusa la ng'ombe yofiira tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri, monga ikunenera Numeri 19. Kodi kuika kholo lako n'kulakwa? Kwa Aisraeli moyo unali m'magazi, ndipo munthu amene wafika pamalire a moyo ndi imfa sankangodzuka n'kukalowa m'Nyumba ya Mulungu. Ankayamba wadikira.

Zandikumbutsa chikuta changa choyamba. Agogo anandikhazika m'nyumba mpaka mchombo wa mwana utagwa, mchere m'ndiwo osathira, phala akundibweretsera pamphasa. Sindinadzimve wonyansa ayi. Ndinadzimva wosungidwa. Koma mtsikana wa lero nkhope yake inali ya munthu wopirikitsidwa, ndipo n'zimene zikundiwawa.

Amayi Maria nawonso anadikira masiku awo 40. Luka akuti anapita ku Yerusalemu ndi njiwa ziwiri kapena maunda awiri, nsembe ya osauka amene sakanakwanitsa mwanawankhosa. N'chifukwa chake pa 2 February, masiku 40 chibadwire Ambuye, timadalitsa makandulo. Kale tsikuli linkatchedwa la kuyeretsedwa kwa Maria, mpaka kalendala ya mu 1969 inalitcha la kuperekedwa kwa Ambuye m'Nyumba ya Mulungu. Mwana amene anamunyamula tsiku limenelo ndi yemwe uja anadzakhudzidwa chovala ndi mayi wotaya magazi zaka 12. Mwa lamulo, Yesu ndiye akanadetsedwa. Koma mayiyo ndiye anachira, ndipo Yesu anamutcha mwana wake pamaso pa khamu lonse.

Zonsezi zandibwerera mtsikana atapita kale.

Komabe pali vesi limene likundisowetsa mtendere. Mwa mbalame ziwiri zija, imodzi Levitiko akuitcha nsembe yopepesera machimo. Tchimo lake liti, mwa mayi amene wangopulumuka pa uchembere? Ndidzawafunsa Bambo Mfumu Lachitatu.

Mawa ndipita kwawo kwa mtsikana uja ndi kasopo ndi kaufa. Apongoziwo ndi aakulu kwa ine, sindingawalowere ndi mavesi pakhomo pawo. Mwina ndidzayambira pa chikuta chawo, kuti anawasunga ndani.