Mphasa zija zafika, ndabwera kudzathokoza

Abale anga a kuno ku Joni ndi inu a kumudzi, katoni ija yafika. Inafika Lachinayi madzulo ndili pakati potsuka mamasiki. Nditang'amba tepi ndinapeza mphasa 30 zokonzerapo mfuti za masewera a paintball, zokulunga bwinobwino, fungo la labala watsopano lili guu. Ndinayala imodzi pathebulo, n'kutenga kalabala ka pakamwa pa thanki ya mpweya, n'kukaika pa kamzere kake kozungulira. Kanakwana ndendende. Ndinangokhala pansi pa bokosi la timipira osayankhula, mpaka mnzanga wa ku Masvingo anandifunsa ngati kwagwa zovuta kumudzi.

Kwa amene simudziwa ntchito yanga, poti amayi mpaka lero amauza anthu kutchalitchi kuti mwana wawo ndi msilikali: ndimagwira pa bwalo la paintball kunja kwa Johannesburg. Anthu amabwera kudzathamangitsana m'tchire, akuwomberana timipira tokhala ndi utoto m'kati. Eni masewerawa sakonda kuzitchula mfuti, amati marker, ndipo dzinali lili ndi chifukwa chake. Pamasewera oyamba mu 1981 ku New Hampshire, ku America, anagwiritsa ntchito Nel-Spot 007, chida choikira zizindikiro pa mitengo ndi pa ng'ombe. Komabe si choseweretsa cha ana. Kampira kamatuluka pa liwiro lofika mafiti 300 pa sekondi, omwe ndi mamita pafupifupi 90, n'chifukwa chake masiki sachotsedwa m'bwalo. Ine mbali yanga ndi kutsuka ndi kukonza mfutizo.

Zambiri zomwe timabwereketsa ndi Tippmann 98, yolimba ngati khasu lakale. Vuto lake ndi limodzi. Ukamasula mabawuti imatseguka pakati ngati chikhokhombe cha mtedza, ndipo ukaitsegula mwaphuma tizinthu ta m'kati timangodumpha. Kasipuling'i ka sear, kachitsulo komwe kamamasula chowombera ukakoka chala, n'kakang'ono kuposa chikhadabo. Kalabala koletsa timipira kugwera pawiri nako sikachedwa kusowa. Kwa zaka ndinkakonzera pa thaulo lakutha, mwina pa nyuzipepala. Loweruka lina, gulu la anthu a pakampani ina likudikira panja, kasipuling'i kaja kanalowa m'mng'alu wa simenti, ine n'kumakwawa pansi pa thebulo ndi tochi ya foni, makasitomala akundiyang'ana pawindo. Tsiku limenelo ndinati ayi, pakufunika mphasa yosonyeza kuti chakuti chikhale apa, chakuti apo.

Woyamba kumuthokoza ndi iwe mwana wa achemwali anga. Unandiphunzitsa Inkscape pa laputopu yako yobwereka, pulogalamu yaulere yojambulira pa kompyuta yomwe ine ndinkaiopa ngati masamu a Fomu 4. Ndinabwera ndi maganizo anga oti mphasa ikhale yakuda, mizere yofiira ndi yobiriwira, mbendera yathu ioneke. Iwe unangotenga kalabala kakuda n'kukaponya pa chikwama changa chakuda, n'kunena kuti, "Amalume, kapezeni." Ndinagonja. Mphasa ndi yotuwa, poti yoyera ikanada ndi oyilo sabata yoyamba yomwe, ndipo mitundu ya mbendera ili m'mphepete, kamzere kopyapyala. Mpaka pano ndimaona kuti kanachepa, koma unali kulondola.

Abwana a pabwalo, zikomo pondilola kugona ndi mfuti imodzi yakufa kunyumba kwa miyezi. Ndinunso munandichenjeza kuti ndisakopere chithunzi cha m'kabuku ka kampani yopanga mfutizi kapena chizindikiro chawo, chifukwa zili ndi eni ake. Zinandiwawa, poti chinali chidule. M'malo mwake tinayala chitsulo chilichonse pa pepala loyera, kuchijambula ndi foni, kenaka kutsata m'mbali mwake pa kompyuta: bolt yakutsogolo yokankha kampira, bolt yakumbuyo yomenya valavu, kachitsulo kolumikiza ziwirizi, sipuling'i yaikulu, valavu, ndi power tube, kapaipi kokhalamo valavu, yomwe imakonda kusweka. Tinazindanda mmene zimatulukira pomasula, kuti pomanga munthu azingobwerera m'mbuyo. Pamwamba tinaika lula ya mamilimita ndi mainchi, chifukwa mfuti za ku America zimafuna ma Allen key a mainchi, monga 1/8 ndi 3/16, ndipo ukakakamiza ya mamilimita umadya mutu wa bawuti.

Chomwe ndinkanyadira kwambiri ndi mbali ya kumanja, pomwe pali timizere tozungulira ta ma O-ring mu saizi yake yeniyeni. Tilabalati timadziwika ndi manambala, ndipo ndi maso simungatisiyanitse. Ka pa thanki ndi 015, m'kati mwake mamilimita 14. Kotsatira kumunsi, 014, ndi mamilimita 12 ndi theka osakwana. Kusiyana kochepa chomwecho n'kokwanira kuti thanki izilira psii tsiku lonse. Ndiye ndinkafuna kuti mnyamata watsopano pantchito azingoika kalabala pamphasa n'kudziwa nambala yake.

Apa ndi pomwe ndinagwa nayo. Ine ndinajambula mphasa ya masentimita 100 m'litali, osafunsa kuti osindikiza ali ndi saizi yanji. Iwo anali ndi za 90. Malo oyamba omwe ndinapita sanandiimbire foni, anangochepetsa chithunzi chonse kuti chikwane, n'kusindikiza mphasa 20. Kunja zinali zokongola zedi. Nditaika 015 pa malo ake, kanasefukira, ndipo kamzere kolembedwa 015 kanali kakukwana 014. Lula nayo inali yabodza. Mphasa yonama saizi ndi yoipa kuposa thaulo lija, chifukwa thaulo silikusocheretsa. Nditabwerera anandiuza kuti ndinavomereza chithunzi pa WhatsApp, ndipo n'zoona ndinavomereza, pa foni saizi sioneka. Ndalama sizinabwerere. Zinali za chipereganyu, mwezi wanga wolandira.

Inu amayi a kunyumba, usiku umenewo ndinkayembekeza mawu, ndipo anali oyenera, poti ndalamazo tinagwirizana kuti ndi za malata a nyumba ya ku Ntcheu. Munangondipatsa nsima, n'kutenga mphasa imodzi yolakwikayo n'kuyala pakhomo kuti tizipondapo. Ili pomwepo mpaka lero, ndipo ndikamavula nsapato ndimakumbukira kufunsa saizi. Zikomo, mayi. Malata aja sindinaiwale.

Anzanga a chipereganyu, inu amene ambiri simunaonepo n'komwe bwalo la paintball, munasinthana nane mwezi kuti ndilandirenso msanga. Wina mwa inu anati mutu umodzi susenza denga, wina n'kuyankha kuti makamaka mutu wosayeza. Tinaseka, ine n'kulandira. Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsapo.

Ndithokozenso mayi wachikulire woyendetsa makina pa malo achiwiri, yemwe sadzawerenga izi poti Chichewa sachimva. Anandikhazika pansi n'kundifotokozera mmene ntchito yawo imayendera. Chithunzi chimayamba chasindikizidwa pa pepala, kenaka amachipanikiza pa nsalu ya polyester ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 200, inki n'kusanduka nthunzi n'kulowa mu ulusi. N'chifukwa chake zolemba sizimatuka ngakhale upukute kangati. Inki yoyera palibe, choyera chilichonse ndi nsalu yomwe. Anandiuza kuti ndisiye mamilimita angapo m'mphepete oti adzadule, ndikulitse tizilembo tomwe tikanafufutika pa nsalu, ndipo anakana kusindikiza zonse ndisanaone imodzi. Imodziyo itatuluka anatenga lula yake yachitsulo n'kuyeza lula yanga ine ndikuona. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mayi uja ndi wodekha.

Mnzanga wa ku Masvingo, iwe ndiwe unaumirira kabokosi ka pakona ka za mafuta. Tippmann imafuna timadontho ta oyilo wa paintball, pomwe mfuti ina, EMEK ya kampani ya Planet Eclipse, yomwe tayamba kulandira masiku ano, imafuna girisi pa bolt. Mafuta opopera a WD-40 kapena mafuta a galimoto ayi, amawononga labala. Unati anyamata sawerenga timabuku, koma chomwe chili pansi pa manja awo adzachiona. Pamwamba pa zonse pali chenjezo m'Chingerezi, ndipo pansi pake ndinabisapo mzere umodzi wa kwathu: "Yamba wachotsa thanki." Abwana atafunsa tanthauzo lake anati ukhale pomwepo.

Zinayi zatsala pabwalo lathu, zina zatengedwa kale ndi osewera a Lamlungu ndi bwalo lina loyandikana nalo. Imodzi ndaipatula. Amayi ataona chithunzi pa foni anati nsaluyo ndi yabwino, ndiwatumizire yoyala pansi pa wailesi. Ikwera basi mu Disembala, kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete, pamodzi ndi shuga ndi mafuta ophikira. Ndawauza kale kuti zojambulidwazo si za usilikali, koma sindikukhulupirira kuti andimva.