Mmene ndinavutikira kuti ndionane ndi dokotala wa matenda a amayi

Mtima wakhala pansi tsopano, ndaonana naye dokotala wa matenda a amayi, ndiye ndati ndikuuzeni njira yake amayi anzanga ndisanaiwale. Vuto langa linali la msambo. Ndinkataya magazi ambiri, ena oundana, mpaka kuyenda pang'ono kokha befu ndi chizungulire. Ena ankati ndi msinkhu, zidzatha zokha. Musamvere zimenezo. Msambo ukamapitirira masiku 7, kapena padi ikamadzaza pa ola limodzi kapena awiri, pitani kuchipatala.

Kwa dokotala wamkuluyo simungofika nokha. Mumayambira kuchipatala chaching'ono, akupimeni, akulembereni kalata yokutumizani ku chachikulu. Za pamzere sindinena, mumazidziwa. Chofunika n'chakuti kalatayo ilembedwe mokwanira: vuto limene akuliganizira, zimene apima kale, ndi mankhwala amene mwamwapo. Ine atandiyeza anapeza magazi atachepa. Bungwe la WHO limati mayi wosayembekezera akakhala ndi hemoglobin (chinthu chofiiritsa magazi chimene amayeza) yosafika 12 ndiye kuti magazi achepa, ndipo yanga inali pansi ndithu. Anandiunikanso khomo la chiberekero kuti aone ngati palibe chiyambi cha khansa, n'kupeza kuli bwino.

Kalatayo, ndi pepala lina lililonse limene akupatsani, jambulani pa foni musanalipereke kwa munthu. Chifukwa chake ndi ichi.

Kuchipatala chachikulu kuja ananditumiza kukajambulitsa sikani, zotsatira zake n'kuziika m'fayilo, fayilo n'kupita ku ofesi yosunga mafayilo. Madokotala a amayi saona anthu tsiku lililonse, ali ndi masiku awo a kiliniki, choncho anandipatsa tsiku lakutali ndithu. Ndinalidikira uku ndikutayabe magazi. Tsikulo litakwana ndinalawira, n'kupereka khadi pazenera, n'kukhala pabenchi. Anzanga aitanidwa mmodzimmodzi, ine zii. Dzuwa litafika paliwombo ndinapita kukafunsa, bambo wa pazenerapo osadzutsa n'komwe mutu, akuti, "Fayilo yanu sikuoneka mayi, mubwere ulendo wina." Ndinati, "Bambo, ndiye mundilembere kapepala ndilowe, adokotala andimve pakamwa." Akuti popanda fayilo simulowa. Kupepesa ayi, kundiuza woti ndimuone ayi. Ndinabwerera ndikunjenjemera ndi mkwiyo, ndipo sikani ija ndinachita kujambulitsanso kachiwiri. Tsiku lathunthu, ndalama yoyendera, ntchito yojomba, zonse kupita pachabe chifukwa cha pepala limodzi limene munthu wina anaika posayenera. Nanga mayi wochokera kutali, amene wachita kukongola ndalama ya ulendo, angabwerenso? Ambiri amangogwa ulesi n'kukhala kunyumba matenda akukula. Madokotala amenewa ndi ochepa kale, ndipo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu, ndiye n'zopweteka kuti mpata wosowa chonchi uzitayika pazenera la mafayilo.

Za sikani ndadumpha chinthu china. Ya pamimba imafuna chikhodzodzo chodzaza kuti chiberekero chioneke bwino, ndiye imwani madzi ndipo musakodze mpaka akujambuleni. Funsiranitu mtundu wake, chifukwa ya kunjira ya amayi amafuna mutakodza kale. Akangokupatsani zotsatira, jambulani pa foni pomwepo.

Nditalowa kwa adokotala zinthu zinayenda msanga. Anali mayi wodekha, wofunsa mwatsatanetsatane: msambo womaliza unayamba liti, umatenga masiku angati, ndabereka kangati, ndikufunabe mwana kapena ayi. Lemberanitu masiku a msambo papepala, pamaso pa dokotala mutu umaima. Anandiuza kuti ndili ndi zotupa za m'chiberekero, zimene iwo amati ma fibroids. Si khansa, amayi ambiri ali nazo osadziwa, zimakula chifukwa cha mahomoni ndipo kawirikawiri zimanyala mayi akasiya kusamba. Ine ndinkaopa kuti akangonena zotupa ndiye kuti achotsa chiberekero, koma njira zilipo zingapo: mapiritsi ochepetsa kutaya magazi otchedwa tranexamic acid, lupu ya mahomoni, opaleshoni yochotsa zotupa zokha chiberekero n'kutsala, ndipo kuchotsa chiberekero chonse kumabwera ngati zinazi sizithandiza kapena mayi wasankha yekha. Funsani ubwino ndi kuipa kwa njira iliyonse, thupi ndi lanu, musachite manyazi.

Ife tagwirizana zoyamba ndi mapiritsi, pamodzi ndi owonjezera magazi. Owonjezera magaziwa amadetsa chimbudzi, musadabwe n'kusiya kumwa. Ndisanatuluke ndinapempha anamwino andilembere tsiku lobweranso pa khadi langa, ndipo zimene adokotala analemba m'fayilo ndinapempha chilolezo n'kuzijambula zonse, tsamba ndi tsamba.