Tulo titandithawa ku Guangzhou

Usiku wachinayi ndili ku Guangzhou ndinadzuka cha m'ma 3 koloko n'kuyamba kuwerenganso malisiti amene ndinali nditawerenga kale kawiri. Kunja, mumsewu wa ku Xiaobei, anyamata anali akukokabe makatoni pa tingolo. Ine maso ali gwa. Kwathu inali 9 koloko madzulo, poti China ili patsogolo pathu ndi maola 6, ndiye thupi langa linkayesa kuti ndi nthawi yotsuka mbale. Koma ndisanamizire wotchi yokha. Theka la ndalama zimene ndinapita nazo kukaoda nsapato ndi zikwama linali ngongole, ina ya kubanki mkhonde, ina ya mlamu wanga. Ndikangoti nditseke maso, mutu unkayamba masamu: kontena idzafika liti, msonkho udzakhala ndalama zingati, nanga kwacha ikagwanso katundu ali panyanja? Mtima uku ukugunda ngati ndathamangitsidwa ndi galu.

M'mawa mwake mnyamata amene ankandimasulira, wa kwathu komwe kuno koma akuphunzira kumeneko, anandiyang'ana n'kuti, "Anti, maso anuwa afiira ngati mwachezera pamaliro. Koma mukumagona?"

"Kugona kwake kuti, mwanawe."

"Lero zoodazo zidikire. Tiyeni ku Qingping."

Tinakwera sitima yapansi n'kukatsikira pa siteshoni ya Huangsha. Unali mwezi wa June, ndipo kutentha kwa kumeneko n'kwachinyontho, malaya amamatirira kumsana usanayende n'komwe. Msika wa Qingping, wa mankhwala azitsamba, uli m'dera la Liwan, moyang'anizana ndi kachilumba ka Shamian kamene kali ndi nyumba zakale za Angerezi ndi Afalansa. Fungo ndi limene limayamba kukulonjera: makungwa, dothi, nsomba zouma, ndi kafungo kena kotsekemera kamene sindinakadziwe. Masaka ndandanda, kukamwa kuli pululu. Bowa wouma wamkulu ngati mbale, makoko a manachesi amene amati akamakalamba m'pamene amakwera mtengo, mizu yodulidwa mopyapyala ngati tchipisi, zinkhanira zouma, nyanga za agwape zoduladula. Kale msikawu unkatchuka ndi nyama zamoyo, koma zambiri zinasintha pambuyo pa mliri wa SARS wa mu 2003. Ndinakumbukira asing'anga amene amayala mizu pansi m'misika ya kwathu, kungoti kuno ndi misewu yathunthu ndi nyumba zosanja, ndipo wogulitsa aliyense ali ndi sikelo ndi kalikyuleta.

Ine ndinkafuna ndingogula kenakake tizipita. Mnyamata uja anakana. Anati kumeneko munthu wanzeru sagula mankhwala a tulo ngati tomato, amayamba waonana ndi dokotala. Tinalowa m'sitolo ina ya mankhwala momwe munali bambo wachikulire atakhala pakatebulo pakona.

Anandigonekera dzanja pa kapilo kakang'ono n'kuika zala zitatu pamtsempha. Phee, nthawi yaitali ndithu. Kenaka dzanja linalo. Kenaka anati nditulutse lilime, ndipo analiyang'ana mwachidwi moti ndinachita manyazi. Ndiye mafunso! Kodi tulo timavuta kubwera kapena timabwera n'kuduka pakati pa usiku? Mumalota kwambiri? Mumatuluka thukuta pogona? Kukhosi kumauma? Mumapsa mtima msanga? Kumwezi mukupita bwanji? Funso lomalizali mnyamata uja analimasulira akuyang'ana kudenga. Sindinkadziwa kuti kusowa tulo kuli ndi mitundu, ine ndinkangoti kusagona ndi kusagona basi.

Zimene anafotokoza zinandigwira mtima chifukwa sizinamveke zachilendo. Mwa chiphunzitso chawo, maganizo a munthu, amene amawatchula kuti shen, amakhala mumtima, ndipo usiku amayenera kubwerera n'kukhazikika m'magazi. Munthu akatopa kwambiri kapena akamalingalira mosalekeza, amati magaziwo amachepa mphamvu, ndiye shen amasowa pogona n'kumangoyendayenda. Mankhwala a vutoli amawatcha an shen. Nditafunsa tanthauzo lake, mnyamata uja anaganiza pang'ono n'kuseka: "Anti, ndi kukhazika mtima pansi." Nanga si ifenso timati mtima uli m'malere, mtima wakhala m'malo? Adokotala a kuchipatala chathu angakuuzeni za ubongo ndi mitsempha, ndipo sindikuwatsutsa, koma bambo ameneyu ankayankhula chinenero cha agogo anga.

Anandilembera msakanizo wotchedwa Suan Zao Ren Tang. Ndi wakalekale, unalembedwa ndi sing'anga Zhang Zhongjing cha m'ma 200 AD m'buku lotchedwa Jin Gui Yao Lue, ndipo mpaka lero zinthu zake ndi zisanu zomwezo: njere za suan zao ren, fu ling amene ndi mtundu wa bowa womera pamizu ya paini, woyera ngati chinangwa chouma, mizu iwiri yotchedwa zhi mu ndi chuan xiong, komanso gan cao, muzu wotsekemera. Asanalembe anandifunsa ngati ndili ndi BP, ngati ndili woyembekezera, ndiponso ngati pali mapiritsi ena amene ndikumwa. Gan cao ukamumwa wambiri kapena kwa nthawi yaitali amakweza BP. Mnyamata uja anawonjezera lake chenjezo, kuti ndisatengeke ndi timibulu tofiira ta tulo togulitsidwa m'mabotolo osadziwa zili m'katimo, chifukwa tina mwa timeneti timakhala ndi zhu sha, mwala wofiira umene uli ndi mekyule, amene ndi poizoni. Ndiye amene mumakonda kunena kuti "zachilengedwe sizipweteka", mwamva.

Kumbuyo kwa kauntala kunali khoma lonse la timadirowa tamatabwa, kalikonse ndi dzina lake. Mtsikana wina ankakoka apa, kukoka apo, osayang'ana n'komwe, n'kumayeza pa kasikelo kam'manja. Atafika pa njere zija ndinapempha kuti ndizione. Tinjere taphanthiphanthi, tofiirira, tonyezimira, tochepa kuposa nyemba. Anali atatikazinga, ndipo anatiphwanya mumtondo wachitsulo asanatisakanize ndi zinazo. Ndinafunsa kuti zimachokera ku mtengo wanji. Mnyamata uja anafufuza pafoni n'kundionetsa chithunzi: kamtengo kaminga, masamba ang'onoang'ono, tizipatso tozungulira tofiira.

"Iii, awa si masau awa?"

Ine ndinakulira kuchigwa, ku Chikwawa. Masau tinkadya mpaka mano kuyayamira, nthangala n'kumalavulirana. Sindinaganizepo kuti m'kati mwa nthangala yolimba ija muli kanthu.

Nkhani inakoma titatuluka. Tinaima pa mayi wina wogulitsa njerezi, ndipo atamva za masau anatitsegulira masaka awiri. Loyamba linali suan zao ren weniweni, amene wambiri amachokera kumpoto, ku Hebei, ndipo pa nthawiyo anali atakwera mtengo kwambiri. Lachiwiri linali la njere zofanana nazo koma zotuwirako chachikasu, zotsika mtengo kutalitali. Izi amati li zao ren, zimachokera ku Yunnan ndi ku Myanmar, ndipo amalonda osakhulupirika amazisakaniza ndi zenizeni kuti apindule. Mtengo wake dzina la asayansi ndi Ziziphus mauritiana. Amenewotu ndiye masau athu enieni! Wa mankhwala uja ndi msuweni wake, Ziziphus jujuba wamtundu waminga. Ndinaseka mpaka misozi pakati pa msika. Kuuluka ulendo wonsewo kudzera ku Addis Ababa, n'kukapeza kuti chipatso cha kwathu n'chimene kumeneko amachitcha feki. Mayi uja sanamve chimene ndinkaseka koma anasekanso.

Mankhwala anga anandiphikira kusitolo komweko, chifukwa kuhotela kunalibe pophikira. Madzulo tinakatenga timapaketi tapulasitiki tomata bwino, m'kati muli madzi oderako ngati tiyi wopanda mkaka. Umaviika kapaketi m'kapu ya madzi otentha, n'kudula pakona, n'kumwa. Kukoma kwake sindingakunamizeni kuti n'kwabwino. Kuwawa pang'ono, kuwawasa pang'ono, fungo ngati mtedza wopserera wosakaniza ndi dothi la mvula yoyamba.

Usiku woyamba ndinagona cha m'ma 1 koloko n'kudzuka 5. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndinadzidzimuka foni ikulira, dzuwa lili pawindo, mnyamata uja akundidikira pansi kwa theka la ola. Anzanga ena nditawauza anayamba kale kundituma kuti ulendo wina ndidzawagulire. Ndinawauza kuti adekhe. Pofika tsiku limenelo ndinali nditatha sabata ku China, thupi litayamba kuzolowera nthawi yawo. Katundu wanga anali atalowa m'kontena, risiti ili m'chikwama. Komanso dokotala uja anandiletsa tiyi dzuwa likapendeka ndi kugona ndi foni m'manja, ndipo ndinamvera chifukwa ndinali nditalipira. Ine ndimakhulupirira kuti njere zija zinathandizako, makamaka kugunda kwa mtima kuja, koma ulemu wonse sindingazipatse. Ndipo mnzanga mmodzi amene watha miyezi osagona, akumangolira yekha, ameneyo ndinamuperekeza kuchipatala, sindinamulonjeze za ku Qingping.

Nditabwerera kumudzi mu July ndinapita kukaona amayi. Masau anali atapsa, ana akugulitsa m'mabeseni m'mbali mwa msewu ku Nchalo. Ndinagula, ndinadya, kenaka ndinakhala pakhonde n'kuyamba kuswa nthangala ndi mwala. Zitatu zoyamba zinanyenyeka. Yachinayi inasweka bwino, ndipo kanjere kaja kanagwera pachitenje, kaphanthiphanthi, kotuwirako chachikasu, ndendende ta m'saka lachiwiri lija.

Amayi anaima pakhomo ndi lichero m'manja. "Iwe, ku China kuja anakudyetsa chiyani?"