Nthano ikasintha, ndi pomwe imaulula zambiri

Miyezi ingapo yapitayi ndakhala ndikuphunzira kumasulira nthano zakale ndi mawu a m'nyimbo. Chandithandiza kwambiri n'kuika pamodzi nthano imodzi monga anaikambira anthu osiyana, n'kuona pomwe yasinthira, chifukwa pamenepo ndi pomwe maganizo a wokambayo amaonekera.

Pali nthano ya ku Ulaya ya kamtsikana kovala chofiira kamene kanakumana ndi mmbulu popita kwa agogo ake. Charles Perrault wa ku France ataisindikiza mu 1697, anaimaliza mmbulu utadya mwanayo, popanda womupulumutsa. Pansi pake anachenjeza atsikana kuti asamamvere amuna a pakamwa pokoma. Koma m'buku la Jacob ndi Wilhelm Grimm a ku Germany, lomwe linatuluka mu 1812, mukubwera mlenje amene akung'amba mimba ya mmbuluwo, mwana ndi agogo ake n'kutuluka amoyo. Perrault akuti ukalakwa wathera pomwepo, pomwe a Grimm akumupatsa mwanayo mpata woti aphunzirepo.

Yomwe inandikhudza mtima ndi ya kamtsikana kokongola kotchedwa Snow White, yomwenso ili m'buku la a Grimm. M'buku la 1812, mfumukazi imene ikufuna kupha mwanayo chifukwa cha nsanje ndi mayi wake womubereka. Pofika 1819, a Grimm anasintha n'kukhala mayi womupeza. Mlandu wonse unachoka kwa wobereka n'kugwera munthu wobwera. Ine ndimaona kuti nthano yoyambayo inkanena chinthu chowawa chimene anthu safuna kuchitchula, choti kholo likhoza kuchitira nsanje mwana wake yemwe. Atasintha, nkhaniyo inapepuka kumva, koma inaipitsa dzina la amayi ambiri amene amalera ana a anzawo ndi mtima wonse. Zimenezi zimandipweteka, ndipo sindikanazidziwa ndikanangowerenga nthano imene tonse tinazolowera.

Ndawerengakonso za Vladimir Propp wa ku Russia, amene mu 1928 anaonetsa kuti nthano za kwawo zimayenda pa zochitika 31, monga kuletsedwa, kuswa lamulo, kuchoka pakhomo ndi kulandira thandizo. Zimathandiza kuona mafupa a nthano, koma sizikuuza chifukwa chake wokamba anaikamba.

Ku nyimbo vuto lake ndi lina. Kayimbidwe kamatinyenga. Nyimbo ya gulu la The Police ya 1983, "Every Breath You Take", anthu ambiri amaiyesa ya chikondi mpaka kuiika pa ukwati, chikhalirecho Sting amene anaipeka ananena yekha kuti ndi ya nsanje komanso kulondalonda munthu. Mawu ake sanabisike konse, kungoti khutu limathamangira zoimbira. N'chifukwa chake tsopano ndimayamba ndalemba mawu papepala, n'kuwawerenga nyimbo ili chete, kenako n'kudzifunsa kuti akulankhula muno ndani, ndipo akuuza ndani. Woimba akati "ine", nthawi zina wangovala khungu la munthu wina amene iye mwini sagwirizana naye.

Palinso msampha wofuna kupeza chinsinsi paliponse. Anthu ambiri amakhulupirira kuti kanyimbo ka ana ka Chingerezi kotchedwa "Ring a Ring o' Roses" kamanena za mliri umene unapha anthu ku London mu 1665. Akatswiri a nthano amakana zimenezi. Mawu ake anasindikizidwa cha m'ma 1880, patapita zaka zoposa 200 mliriwo utatha, ndipo kumasulira kokhudza mliri kunayamba kumveka m'zaka za m'ma 1900. Kumasulirako n'kokoma kumva, n'chifukwa chake kumafala, koma umboni palibe.

Pano ndikufufuza nthano za kalulu zimene anazilemba anthu osiyanasiyana. Ndikufuna kuona kuti ndani amamulola kuthawa ndi chinyengo chake, ndani amamulanga pomaliza, komanso kuti aliyense ankakambira anthu otani.