Amayi a m'kabokosi anatilowetsa m'Malawi chozemba

Apongozi anga aamuna atanena kuti akufuna akaone Kulamba ndi maso awo miyendo isanakane, banja lonse linacheukira kwa ine, poti wagalimoto ndine. Mwambowu umachitika kumapeto kwa Ogasiti ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a mayiko atatu amakalambira Kalonga Gawa Undi. Kuchokera kwathu ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, anthu amatulukira pachipata cha Calomue n'kulowa Dedza, kenako Lilongwe, Mchinji, Mwami, Chipata mpaka Katete. Pakamwa mpafupi. Koma pikapu yanga imangodziwa wa ku Moatize ndi Tete, kumene imakatula mbatatesi, ndipo za Lilongwe ndinkangomva kuti kuli ma Area amene manambala ake satsatana.

Mphwanga anati ndisawononge ndalama, ndingotsitsiratu mapu a Google Maps mufoni, amagwira ngakhale popanda intaneti. Ndinakana. Foni yanga imalira tsiku lonse ndi ogula mbatatesi, batire lake silifika masana, komanso mkamwini wanzeru sayendetsa apongozi maso ali pafoni.

Ku Tete ndinapeza mitundu iwiri ya GPS, tizipangizo tolondolera njira m'galimoto. Zam'sitolo zinali zatsopano, zokhala ndi mapu a mayiko onse akum'mwera kuno, koma mtengo wake unandiumitsa kukhosi. Kenako pabenchi ina mumsika ndinaona kabokosi kakang'ono, kopanda dzina, kokandika pakona. Mnyamata wogulitsayo anali ndi pakamwa. Anati kameneka sikadya mayunitsi, kamamvera masetilaiti amene ali makilomita oposa 20,000 kumwamba, ndipo kakangogwira anayi kamadziwa pamene waima. Zimenezo n'zoona, ndinafunsanso kwina. Mapu okha ndi amene amakhala m'kati, pa kamemore khadi. Ndinati, Zambia alimo? Anadina, Chipata n'kutulukira. Atatero anandifunsa kuti akatchere pa njira yachangu kapena yaifupi. Munthu wogula yekha dizilo sachedwa kuyankha funso lotere.

Tinanyamuka Lachisanu m'mamawa kuli chisanu cha ku Angónia chija cholowa m'mafupa. Kumbuyo tinamanga matumba a mbatatesi, mphasa, ndi mbuzi yoti tikapereke kwa achibale a ku Katete, zonse titafunditsa lona. Nditangoliza injini, m'kabokosi munamveka mawu a mzimayi, Chipwitikizi chake cha ku Lisboa chomeza mawu. Apongozi aakazi, amene salankhula nane mwachindunji, anafunsa mwana wawo monong'ona kuti amayi amenewa ndi akwa ndani.

Pamphambano amayiwo anati tikhotere kumanzere, wa ku Dómuè. Apongozi aamuna anatsokomola.

"Apongozi, ku Calomue si uku tikusiyaku?"

"Musavutike, bambo. Amayiwa akuona kuchokera kumwamba."

Anandiyang'ana, anayang'ana kabokosi, n'kuti, "Chabwino." Anatsitsira chipewa kumaso.

Titapitirira Dómuè msewu unayamba kuonda. Poyamba unali wa magalimoto, kenako wa ngolo, kenako wa anthu opita kudimba. Fumbi linalowa mpaka m'mano. Kabokosi kanamatuka pagalasi n'kugwera pamwendo pa apongozi kakulankhulabe, mpaka ndinachita kukamangirira ndi mphira kuchogwirira. Pakamlatho ka mitengo onse anatsika, mkazi wanga akundilozera ndi manja awiri, mbuzi ikulira ngati yaona mpeni. Amayi aja osatekeseka: pitirirani mamita mazana asanu.

Chakumasana tinaima pa kamsika kuti tigule nthochi. Mtsikana wake anati phava ndi faivi handiredi. Ndinakuwa kuti mametikali 500 ndimagula nawo nkhuku, nthochi zake n'zagolide? Anandiyang'ana modabwa, nati, "Makwacha, bambo. Koma ngati muli ndi ya ku Mozambique tisintha." Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba, uthenga wondilandira m'dziko la Malawi.

Musandiseke msanga. Kumalire kwathu kuno kulibe mpanda. Mizere ya chimanga ndi yomweyo, nkhokwe ndi zomwezo, moni ndi yemweyo. Pamapu a kabokosi panali kamzere kofiirira kamene ndinkayesa mtsinje wouma. Kachipangizoka kanauzidwa kuti kasake njira yaifupi, ndipo kanaipezadi. Zoti pasipoti imafuna chidindo, ndi kuti galimoto yakunja imalowa ndi chikalata chake ndi inshuwalansi, kumwambako sizioneka.

Ndisanatembenuze n'komwe, anyamata a chitetezo cha m'mudzi anali atatizungulira, zibonga kumanja. Galimoto ya nambala yachilendo, yodzera kutchire, katundu wofunditsa lona: iwo anali atawerenga kale nkhani yonse. Wina anavundukula lona, mbuzi n'kumuyetsemulira kumaso. Anati zonse tikafotokoze kwa amfumu.

Pabwalo tinakhala pamphasa, ine ndili njenjenje, mapasipoti anayi opanda chidindo ali m'manja. Ndinatulutsa kabokosi kuti kakhale mboni yanga. Pamaso pa anthu onse amayi aja anati tipitirire kutsogolo, ndipo kutsogoloko kunali khola la ng'ombe za amfumu. Mwana wina wasukulu anafunsa ngati ndi wailesi.

Amfumuwo, nkhalamba ya imvi mbuu, sankamvera n'komwe. Maso awo anali pa apongozi anga, amene anali atavula chipewa tsopano. Mwadzidzidzi anaimirira n'kuwatchula dzina la paubwana limene ine, mkamwini wa zaka zambiri, ndinali ndisanalimvepo. Anakumbatirana, ndodo zonse pansi. Apongozi aakazi anayamba nthungululu. Nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique ija, anthu a ku Angónia atathawira ku Dedza ndi Ntcheu, banja la mkazi wanga linasungidwa m'mudzi womwewu. Munda anawapatsa ndi amfumu omwewa, ndipo anabwerera kwawo mtendere wa 1992 utabwera. Mkazi wanga, amene ulendo wonse ankanditukwana ndi maso, anapezeka kuti mchombo wake unakwiriridwa kuseri kwa khola lomwe lija.

Nditapeza mpata ndinawafunsa chapansipansi.

"Bambo, ndiye kuti mumadziwa kuti talowa m'Malawi?"

"Kuyambira pa mkuyu uja wa pakamlatho. Tinawolokera pomwepo usiku, amayi anuwa atabereka mwana kumsana."

"Nanga bwanji osanena?"

"Munati amayiwo akuona kuchokera kumwamba. Ine ndimangoona zapansi."

Mbuzi ya ku Katete inathera pomwepo. Thumba limodzi la mbatatesi linapita kwa anyamata a zibonga aja, amene tsopano ankanditchula kuti alamu. Nkhalamba ziwirizo zinachezera pamoto kuwerengana amene anamwalira ndi amene alipo, ine nditagona m'galimoto. Kutacha amfumu anatipatsa mnyamata wa njinga kuti atitulutse mmene tinalowera, amayi aja akulimbikira njira yonse kuti titembenuke. Tinazungulira mpaka ku Calomue, n'kuima pamzere kumbuyo kwa mathiraki, n'kudinditsa bwinobwino. Ku Lilongwe anatilondolera ndi wakabaza. Tinafika ku Mkaika Loweruka dzuwa litapendeka, gule atalowa kale kudambwe, anthu akumanga mitolo. Chimene tinaona ndi fumbi la magalimoto obwerera.

Kabokosi ndinakaponya m'dirowa. Sabata yatha apongozi anatuma mdzukulu kudzakabwereka. Ati chimanga chikalowa m'nkhokwe akufuna akaonenso mnzawo uja, ndipo m'banja muno amene amadziwa kumene kuli abale ndi amayi aja okha. Anawonjezera kuti woyendetsa ndi ine, ndipo ndisakiretu mbuzi ina.