Jaji anakhala pa batire

Pepala la mapointi ndikadali nalo. Pamzere wa injini, jaji wina analemba ndi bolopeni yofiira kuti "palibe", n'kuikapo 0. Galimoto yopanda injiniyo ndi yanga, Volkswagen Beetle ya 1965, ndipotu kuchionetseroko inapita yokha ikulira phwe phwe phwe, popanda woikankha.

Ndinaigula itakhala zaka zambiri pansi pa mtengo, makoswe atamanga mudzi m'mipando. Zaka 3 ndinali pansi pake Loweruka lililonse, mpaka mayi a kunyumba anayamba kuitchula kuti "mkazi mnzanga". Itayamba kuyenda, ndinamva zoti kalabu ina ya okonda magalimoto akale ikukonza chionetsero pabwalo la mpira, ndipo padzakhala zikho. Tulo tinatha.

Vuto langa ndi loti ndikafuna chinthu ndimayamba ndawerenga, ndipo ndikawerenga wina ayenera kumva. Pamwezi umodzi mayi a kunyumba anadziwa, mosafuna, kuti mipikisano imeneyi inayambira ku Paris kalekale olemera akuonetsana ngolo zokokedwa ndi akavalo, kuti wa ku Villa d'Este m'mbali mwa nyanja ya Como ku Italy unayamba mu 1929, ndipo wa ku Pebble Beach ku California mu 1950. Anadziwanso kuti m'mipikisano yaulemu wake galimoto imayamba ndi mapointi 100, majaji n'kumachotsapo pang'onopang'ono: bawuti yosakhala ya chaka chake, waya wa mtundu wina, nambala ya injini yosagwirizana ndi ya thupi. Ngakhale kukongoletsa kwambiri kumakudyera mapointi, chifukwa ngati fakitale inkasiya malo ena osawala, iwe ukawawalitsa wanama. Majajiwo amakhala anthu amene akalambira pa mtundu umodzi wa galimoto.

"Nanga kubwalo la mpirako kudzabwera a ku California?" anandifunsa mayi usiku wina, maso ali kale theka.

Sindinawayankhe. Pakhomo sipasowa wogwetsa ulesi.

Za kubwalo la mpirako ndinazifufuzanso. Zikho zinali za mitundu iwiri. China chimaperekedwa ndi majaji 3 ongodzipereka, amene amazungulira magalimoto oposa 40 dzuwa lili paliwombo, iliyonse mphindi 5, pepala m'manja: kunja, mkati, injini, pansi. China ndi cha anthu odzaonerera: aliyense wolowa pageti amalandira kapepala, amalembapo nambala ya galimoto yomwe yamusangalatsa n'kuponya m'bokosi. Magulu amawagawa potengera amene abwera. Beetle inali imodzi yokha, ndiye anandiponya m'gulu la "zina ndi zina", limodzi ndi kapikapu kodzaza masipika kumbuyo konse ndiponso galimoto ina yofiira yonyezimira ngati poto watsopano, yomwe mwini wake ankaibweretsa itakwera pathirela kuti matayala asaponde dothi. Mwini wakeyo anali membala wa kalabu, ndipo ndinamuonapo akuseka ndi wapampando. Kuseka kokhako kunandikwanira. Ndinaweruza mlandu mpikisano usanachitike: apa pali chinyengo.

Ndiye pofuna kuteteza chilungamo, ndinaitana abale anga 14. Alamu anga, azisuweni, ana a achemwali, ndi azakhali ena amene galimoto amaisiyanitsa ndi inzake poona mtundu wa penti basi. Ndinawalipirira pageti onse. Malangizo anali achidule: "Musandipatse moni, tisadziwane. Muone nambala yomwe ili pagalasi la galimoto yanga, mulembe yomweyo."

Usiku woti mawa ndi tsikulo sindinagone. Injini ndinaitsuka ndi mswachi, wanga womwe. Mipando ndinaipopera mankhwala owalitsa mpaka ntchentche ikatera inkatsetsereka. Kenako ndinanyamula mpando wakumbuyo, chifukwa batire ya Beetle imakhala pansi pake, ndipo ndinaona kuti chivindikiro cha batire chasuluka. Ndinachichotsa, ndinachipenta chakuda, ndinachiyanika pawindo. Kutacha penti inali ikumatabe zala. Ndinati chitsale, ndani angakasuzumire kumeneko.

Kubwalo anandipatsa khadi la nambala 6. Ndinaliponya pagalasi lakutsogolo mothamanga, chifukwa ndinali nditaona fumbi pa bampala. Nditamaliza kupukuta komaliza, ndinasonkhanitsa zonse, ndowa, masiponji, mabotolo ndi nsanza, n'kuzikankhira mu buti yakutsogolo. Aliyense wodziwa galimoto amadziwa kuti nsanza yabwino yopukutira penti ndi ya thonje lofewa lomwe lachapidwa kambirimbiri. Pakhomo panga thonje lotero linali makabudula anga amkati opuma pantchito. Analipo 5.

Majaji anafika cha m'ma 11 koloko. Woyamba anali mkulu wina woonda, makaniko wopuma, atanyamula tochi ndi kagalasi komangirira ku kamtengo koonera pansi pa galimoto. Wachiwiri anali mnyamata wa tayi, wochokera ku kampani yomwe inagula zikho, ndipo ndikukhulupirira kuti ujaji anaupeza m'mawa womwewo pamodzi ndi T-shirt yaulere imene anaivala pamwamba pa tayiyo. Wachitatu anali wapampando mwini wake, munthu wathupi lodalitsika, woti akakhala pabenchi ena amaimirira okha.

"Tiyambe ndi injini," anatero mnyamata uja, n'kulunjika kutsogolo.

"Achimwene, injini ili..."

"Eni galimoto salankhula pokhapokha tawafunsa," anandidula, akuloza papepala la malamulo. Lamulolo linalipodi. Ndinali nditaliwerenga, ndipo ndinaliyamikira kwambiri.

Anandilamula kuti nditsegule. Ndinatsegula. Anayang'ana tayala la sipeya, anayang'ana thanki ya petulo, anayang'ana ndowa. Kenako ndi nsonga ya bolopeni ananyamula kabudula mmodzi, wa mizeremizere uja, n'kumukweza m'mwamba ngati wagwira nsomba, kuti aone ngati injini yabisala pansi pake. Khamu linali litayamba kusonkhana. Pakati pa khamulo azakhali anga, amene ndinawauza kuti tisadziwane, anafuula kuti, "Iii, mwanawe, mpaka lero ukadali nayo imeneyo?"

Mnyamatayo analemba chinachake n'kupita pamthunzi kukayankha foni. Magalimoto a mtundu umenewu anapangidwa oposa 21 miliyoni, kuchokera ku Wolfsburg, Germany mpaka yomaliza ku Puebla, Mexico mu 2003, ndipo yonseyo injini ili kumbuyo. Ine ndinakumana ndi munthu mmodzi amene nkhaniyi inali isanamupeze.

Mkulu woonda uja anali wina. Anazungulira kumbuyo mwakachetechete, anatsegula yekha, anawalitsa tochi. Sanafunse za radiyeta, ankadziwa kuti injini imeneyi imazizira ndi mphepo. Anagwada, analowetsa kagalasi kake pansi, anagwedeza mutu movomereza. Mtima wanga unayamba kuvina. Uyu ndiye jaji, ndinatero chamumtima, uyu angakhale ngakhale ku Pebble Beach.

"Tayatsani magetsi, bambo."

Ndinayatsa. Anawala bwino kwambiri, ndipo kuwalako ndi komwe kunandigulitsa.

"Ya 1965 imeneyi?"

"Eya, akulu."

"Mwailembetsa kuti ndi yosasinthidwa?"

"Monga inatulukira ku fakitale."

"Mavoti angati?"

Apa ndiyenera kufotokoza. Beetle ya 1965 inatuluka ndi magetsi a mavoti 6, ndipo nyali zake usiku zimakhala ngati munthu wanyamula makandulo awiri. Mavoti 12 anayamba kubwera cha mu 1967. Ine ndinasintha yanga chaka chatha nditatopa ndi kukankha m'mawa kukazizira, koma ndinabisa bwino, zonse ndinazipenta kuti zioneke zakale. Pafomu ndinalemba "yosasinthidwa" chifukwa mumtima mwanga inali yosasinthidwa.

"6," ndinayankha, ndikuyang'ana kumwamba.

"Chabwino. Tione batire."

Titatembenuka tinapeza kuti wapampando, amene ntchito yake inali kuona mkati, wapinda mpando wakutsogolo ndipo akudzipanikiza kulowa kumbuyo kuti akaone nsalu ya kudenga. Beetle ili ndi zitseko ziwiri zokha. Analowa chammbali, galimoto inapendekeka, ndipo anadzigwetsa pampando wakumbuyo kuti thii.

Aliyense amene anasungapo Beetle amadziwa chifukwa chomwe batire ija imakhala ndi chivindikiro. Pansi pa mpando pali masipuling'i achitsulo. Munthu wolemera akakhala, masipuling'iwo amatsika n'kukhudza mitu iwiri ya batire nthawi imodzi. Ine ndinkazidziwa. Pakamwa panatseguka kuti ndichenjeze, koma nzeru ina inandinong'oneza kuti, taona, munthuyu wakhalira umboni. Akakhala pamenepo mphindi 5 zitha, batire osaiona. Ndinatseka pakamwa. Pajatu eni galimoto salankhula pokhapokha awafunsa.

"Denga ndi labwino ili," anatero wapampando ali mkatimo. Kenako ananunkhiza. "Kodi wina akuwotcha chiyani?"

Utsi unayamba pang'ono, woonda, kutulukira pakati pa miyendo yake. Anauyang'ana mwachidwi ngati ndi mbali ya chionetsero. Kutentha kutamufika anakuwa mawu amene sindingawalembe pano, n'kuyesa kudzuka. Apa mankhwala owalitsa aja anagwira ntchito yake. Akagwira mpando wakutsogolo dzanja linkatsetsereka, akaponda n'kudzuka ankabwerera pomwepo, ndipo kubwerera kulikonse kunkamveka kuti tsee pansi pake. Ine ndinagwira mkono umodzi, makaniko wokalamba anagwira wina, mlamu wanga anaiwala kuti sitidziwana n'kugwira lamba. Munthuyo anatuluka ngati chitsekerero cha botolo, tonse anayi n'kugwera paudzu.

Malamulo ankati galimoto iliyonse ikhale ndi chozimitsira moto. Changa chinalipo, chofiira, chopukutidwa bwino ndi kabudula wa mizeremizere. Ndinachotsa pini, ndinaloza, ndinafinya. Chinati "fyuu" kamodzi ngati mphaka woyetsemula, basi. Tsiku lake linali litadutsa galimotoyo isanakhale yanga.

Amene anabwera akuthamanga ndi chozimitsira chachikulu anali mwini galimoto yofiira uja, wachinyengo wanga. Anakoka mpando n'kuuponya panja, anapopera mkati monse osasiya ngodya, mpaka Beetle yanga ya buluu inasanduka yoyera mkati ngati mwagwa chipale. Moto unazima. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Pepani achimwene, galimoto yokongola iyi. Yanga ya bambo anga inapsa chonchi." Ndinalephera kumuda bwinobwino kuyambira pamenepo, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa mpando.

Fumbi litakhazikika, makaniko wokalamba anaweramira mkati, anapukuta pamwamba pa batire ndi chala, n'kuyamba kuwerenga zivindikiro za timabowo ta madzi. Kabowo kalikonse ndi mavoti 2, ndiye batire ya mavoti 6 imakhala ndi zitatu. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati mphunzitsi wa ana aang'ono. Atadutsa pa chachitatu n'kufika pa chachinayi, anaima kaye n'kundiyang'ana. Kenako anapitiriza mpaka chachisanu ndi chimodzi.

Nthawi ya zikho ndinali ndi chiyembekezo chimodzi, bokosi la anthu. Mavoti 14 pabwalo laling'ono ngati lija si masewera. Wapampando, ataimirira chifukwa kukhala kunali kovuta, analengeza kuti chikho cha anthu chapita kwa nambala 9, yomwe yaposa yachiwiri ndi mavoti 11. Galimoto yofiira. Abale anga onse 14 analumpha ndi chimwemwe, azakhali akululutira. Mlamu wanga anabwera akundipatsa dzanja: "Alamu, tawina! Tonse talemba 9, monga munanenera."

Ndinapita kukayang'ana pagalasi. Khadi langa linali chadodolido.

Panatsala kachikho kamodzi, kakang'ono, ka munthu amene wakumana ndi tsoka lalikulu patsikulo. Zionetsero zambiri zimakhala nako. Anthu anayamba kunditembenukira, ena akuomba m'manja, ndipo ndinakonza kolala. Anakapereka kwa bambo wina amene tayala linamuphwera panjira. Wapampando anafotokoza, akundiyang'ana ine, kuti tsokalo liyenera kuchitika pobwera, osati pabwalo, ndiponso lisakhale lodzipangira.

Ndinapempha pepala langa la mapointi, ndipo nditaona 0 wa injini uja magazi anawira. Apa pokha ndinali ndi mlandu weniweni. Amaphatikiza mapointi a majaji onse atatu n'kugawa, kutanthauza kuti umbuli wa munthu mmodzi umalemera chimodzimodzi ndi zaka 40 za mnzake pansi pa magalimoto. Ndinamupeza makaniko wokalamba akulongedza tochi yake.

"Akulu, izi si zachilungamo. Injini ilipo, munaiona nokha."

"Ndinaiona, ndipo ndi yaukhondo kuposa zonse pabwalo pano. Ndinakupatsani yonse." Anatenga pepalalo, anatulutsa bolopeni. "Ndingathe kukakonzetsa 0 ameneyu. Koma tikatsegula pepala, titsegula lonse. Pamzere wa magetsi ndinangosiya osalemba, poona kuti lero mwalangidwa kale. Ndilembe?"

Ndinamulanda pepalalo mwaulemu n'kulipinda panayi.

Pobwerera mayi a kunyumba anakhala kutsogolo, mpando wopsa uli pamiyendo pa mlamu wanga m'galimoto ina, mawindo onse otsegula chifukwa cha fungo. Sanalankhule njira yonse. Titafika, analowa m'nyumba, n'kutuluka atanyamula chivindikiro cha batire chija kuchokera pawindo. Penti inali itauma, yakuda bii, yosalala, yopanda ndi kachilema komwe. Anachitembenuza uku ndi uku padzuwa.

"Mukanapita ndi ichi chokha," anatero, "galimoto n'kuisiya."