Aroni ndi mwana wa ng'ombe uja

Usiku wathawu ndimawerenga Eksodo 32, Aroni wandiseketsa ndithu. Mose wakhalitsa kuphiri masiku 40, anthu atopa kudikira, mkuluyu n'kuwauza kuti abweretse ndolo zagolide, n'kuwapangira fano la mwana wa ng'ombe. Mose atatsika n'kumufunsa, iye akuti anangoponya golideyo pamoto, mwana wa ng'ombe n'kutulukamo. Abale inu! Munthu wa zaka zoposa 80 kuyankha ngati kamwana kogwidwa kakunyambita shuga.

Chondivuta n'chakuti tsiku limenelo anafa anthu pafupifupi 3,000, iye n'kupulumuka. Deuteronomo 9 imati Mulungu anafuna kumuwononga, Mose ndiye anamupempherera, mng'ono wake yemweyo. Kenako Aroni anadzozedwa kukhala mkulu wa ansembe woyamba wa Aisraeli, mpaka anamwalira paphiri la Hori ali ndi zaka 123.